Makina a Bitcoin sadziwana mayina, nanga inu mukutumiza kwa yani?

Pa Nchenachena, m'boma la Rumphi, mlendo satenga katundu wangongole asanafunsidwe kwawo. Atsike galimoto pamsewu wochoka pa Njakwa kupita ku Livingstonia, anene kuti akufuna matumba asanu a nyemba koma ndalama adzapereka Lachisanu, muona kuti palibe wothamangira kukatenga sikelo. Amayamba amupatsa moni, kenaka mafunso. Mwachokera kuti? Ndinu a banja liti? Wakulozerani kuno ndani? Akatchula munthu wodziwika pa Mhuju kapena pa Phwezi, wina amatuluka kaye panja kukamuimbira foni. Munthuyo akavomera kuti mlendoyu amamudziwa, m'pamene nyemba zimayamba kuthiridwa m'matumba.

Chizolowezi chimenechi chapulumutsa mipamba ya anthu ambiri. Vuto n'lakuti masiku ano ndalama zikuyenda m'njira zopanda moni, zopanda nkhope. Tidayamba ndi Airtel Money ndi TNM Mpamba, komwe nambala ya foni imaimira munthu. Tsopano m'magulu a WhatsApp a amalonda mwalowa mawu ena: Bitcoin, USDT, waleti. M'bale amene ali ku South Africa akuti njira imeneyi ndi yachangu. Wogula wina wa m'tauni akuti alipira mu USDT chifukwa imayendera limodzi ndi dola ya ku America. Aliyense amene adaona kwacha ikugwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amatchera khutu akamva zoterezi.

Mukavomera, amakufunsani adiresi kapena kukutumizirani yawo. Mumayembekezera dzina ndi keyala, koma chimene chimabwera ndi mzere wautali wa zilembo ndi manambala osakanikirana. Dzina palibe, mudzi palibe. Sabata ino tiona mmene makina oyendetsa ndalama zimenezi amapezanirana ndi kuzindikirana, chifukwa m'menemo muli phunziro limene lingateteze ndalama zanu, kaya mudzagwiritsa ntchito Bitcoin kaya ayi.

Buku limodzi, olemba ambirimbiri

Amayi a banki m'khonde amadziwa kufunika kwa buku. Mlembi akalemba kuti uje waponya masheya asanu, uje wabwereka K40 000, gulu lonse limadalira zolembedwazo. Bukulo likasowa, kapena mlembi akasintha nambala usiku, mkangano umabuka.

Blockchain ndi buku lotere, koma lopanda mlembi mmodzi. Munthu wodzitcha Satoshi Nakamoto adafalitsa ganizoli pa 31 Okutobala 2008, ndipo tsamba loyamba la buku la Bitcoin lidalembedwa pa 3 Januwale 2009. Kuyambira pamenepo tsamba latsopano limawonjezedwa pafupifupi mphindi khumi zilizonse. Bukuli silikhala ku likulu la kampani iliyonse. Makompyuta oposa 10 000 m'maiko osiyanasiyana amasunga kope lake lathunthu, ndipo iliyonse imayang'ana yokha ngati zolembedwa zatsopano zili zoona. Kompyuta yotere amaitcha node.

Ma node onse ndi ofanana udindo. Palibe wapampando, palibe ofesi yolembetsera, palibe chiphaso cholowera. Aliyense amene ali ndi kompyuta, magetsi ndi intaneti angathe kuyatsa yake lero n'kuizimitsa mawa osapempha chilolezo kwa munthu. Izi ndi zimene akatswiri amatanthauza akamati netiweki ya P2P: makina akulankhulana okhaokha popanda mkhalapakati. Musasokoneze ndi P2P imene mumamva kwa osintha ndalama pa WhatsApp, imene imatanthauza anthu awiri akugulitsana USDT ndi kwacha.

Funso limene wamalonda aliyense angafunse ndi ili: pamsika wopanda mwini, wopanda kaundula wa mayina, wobwera kumene amawapeza bwanji anzake, ndipo amadziwa bwanji kuti sakunamizidwa?

Msika ndi benchi

Kompyuta iliyonse ikalowa pa intaneti imapatsidwa nambala yotchedwa IP. Mtundu wofala kwambiri uli ndi manambala anayi olekanitsidwa ndi timadontho, iliyonse kuyambira 0 mpaka 255. Nambala imeneyi ili ngati kunena kuti mundipeza pamsika wakutiwakuti. Koma pamsika pali mabenchi ambiri, choncho pamafunikanso nambala yachiwiri yotchedwa port, yonena benchi lenileni. Benchi la Bitcoin ndi 8333. Node ikafuna inzake imapita pa IP yakutiyakuti, benchi 8333, n'kugogoda.

Node yatsopano siidziwa inzake ndi imodzi yomwe. Ili ngati venda amene wafika koyamba ku Mzuzu kudzaoda katundu. Venda wotere amafunsa anthu a pa depoti kuti kogulitsa zakutizakuti n'kuti. Pulogalamu ya Bitcoin Core, imene ma node ambiri amagwiritsa ntchito, imabwera ndi mndandanda waufupi wa olozera njira otchedwa DNS seeds, amene amayendetsedwa ndi anthu ongodzipereka. Node yatsopano imawafunsa, iwo n'kuipatsa manambala a IP a ma node angapo amene akugwira ntchito nthawi imeneyo. Ntchito ya olozerawa imathera pomwepo. Sasunga ndalama za munthu ndipo sangalembe kanthu m'buku.

Ikagogoda, pamakhala kupatsana moni. Pa Nchenachena wina akati monire, mnzake amayankha kuti yewo, kenaka nkhani n'kuyamba. Makina nawo amatero. Yoyamba imatumiza uthenga wotchedwa version, wonena pulogalamu imene ikugwiritsa ntchito, ntchito zimene ingathe, ndi tsamba limene yafikapo m'buku. Inzake imatumiza wake, ndipo iliyonse imavomera ndi kauthenga kotchedwa verack. Moni ukatha, yatsopano ija imapempha kuti, ndiuzeko ena amene ukuwadziwa. Yankho lingabwere ndi maadiresi ofika 1 000 nthawi imodzi. Imawalemba m'kabuku kake, kotero kuti tsiku lina ikadzayatsidwa siifunikanso kubwerera kwa olozera njira aja. Kenaka mphindi ziwiri zilizonse zimafunsana ngati zilipo, ndipo yosayankha imachotsedwa.

Taonani chimene chikusowa m'moni wonsewu. Palibe dzina la mwini kompyuta. Palibe chiphaso cha unzika. Ngakhale nambala ya IP si yokhalitsa: imasintha, ndipo makampani a mafoni amagawira makasitomala ambiri nambala imodzi. Node ya Bitcoin imadziwa kumene inzake ili pa ola limenelo, basi. Amene ali kuseri kwake angakhale mphunzitsi wa ku Germany, angakhale kampani, angakhale mbava.

M'masiku oyambirira, pulogalamu ya Bitcoin inkalola kutumiza ndalama molunjika ku nambala ya IP. Njira imeneyi idachotsedwa, chifukwa munthu woima pakati pa njira akadatha kunamizira kuti ndi mwini nambalayo n'kulandira ndalama za eni. Okonza pulogalamuyo adavomereza okha kuti kudziwa malo sikokwanira potumiza ndalama.

Osadalira pakamwa pamodzi

Tiyerekeze mlimi wa khofi wa kumapiri a Phoka amene alibe wailesi ndipo foni yake siigwira netiweki. Ogula atatu akubwera masiku osiyana, aliyense ndi njinga yamoto yake, onse akutchula mtengo umodzi wotsika. Mlimi akuganiza kuti wafunsa anthu atatu, mtengo ndi umenewu. Sakudziwa kuti atatuwo atumidwa ndi bwana mmodzi. Wafunsa kamwa limodzi lovala nkhope zitatu. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene alimi amalowera m'makopaletivi monga a pansi pa Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union, kuti mtengo asamaumvere kwa wogula yekha.

Chinyengo chomwechi chilipo pakati pa makina. Popeza kuyatsa node sikufuna chiphaso, munthu mmodzi angathe kuyatsa mazanamazana n'kumaoneka ngati khamu. John Douceur, katswiri wa ku Microsoft, adalemba za vutoli mu 2002 n'kulitcha Sybil attack. Mu 2015 Ethan Heilman ndi anzake adasonyeza kuti wachinyengo angathe kudzaza kabuku ka node ya Bitcoin ndi maadiresi ake okhaokha, mpaka node ija izilankhula ndi iye yekha. Adachitcha eclipse attack, kutengera kadamsana, pamene dzuwa lilipo koma china chalitchinga. Node yotchingidwa chotere ingaonetsedwe kuti malipiro alowa pomwe m'buku limene dziko lonse likutsatira mulibe.

Mankhwala ake ndi ofanana ndi a pamsika. Node ya Bitcoin Core imasankha yokha anzake khumi oti iwagogodere, siingodikira obwera okha. Powasankha imaonetsetsa kuti manambala awo a IP asachokere m'chigawo chimodzi cha intaneti, monga mmene inu mungafunsire mtengo wa nyemba ku Rumphi boma, ku Mzuzu ndi ku Karonga m'malo mofunsa anthu atatu a benchi limodzi. Ikazimitsidwa imasunga maadiresi a anzake awiri amene inkalumikizana nawo bwino, kuti ikadzuka iyambire kwa iwo, ngati mmene timasungira makasitomala akale.

Chachikulu koposa n'chakuti node siilandira uthenga chifukwa cha amene waubweretsa. Tsamba latsopano likafika, imaliyesa yokha: kodi ndalama zikutumizidwazi zidalipodi, kodi sizidagwiritsidwe kale ntchito, kodi siginecha ndi yoona? Likalephera mayeso imalitaya, ndipo mnzake wobweretsa zabodza imamudula. Ndi wamalonda amene amanyamula sikelo yakeyake, ngakhale wogulitsa akhale mlamu wake.

Pamene kiyi asanduka dzina

Netiweki ya Ethereum, imene idayamba pa 30 Julayi 2015, idatenga njira ina. Kumeneko node iliyonse imadzipangira makiyi awiri ogwirizana. Mmodzi ndi wachinsinsi, sachoka m'kompyutamo. Wina ndi woonetsa aliyense, ndipo ndi amene amakhala dzina la node. Masamu ake adapangidwa mwakuti wachinsinsi amabala woonetsa, koma kuchoka pa woonetsa kubwerera kwa wachinsinsi n'kosatheka. Taganizani chidindo cha a mfumu: aliyense angaone chizindikiro chake pakalata n'kuchizindikira, koma chodindiracho chili m'thumba mwa a mfumu okha. Kusiyana kwake n'kwakuti chidindo cha labala anthu amachisema mwachinyengo, pomwe ichi sichisemeka.

Adiresi yathunthu ya node ya Ethereum imayamba ndi mawu oti enode, kenaka zilembo ndi manambala 128 zoimira kiyi woonetsa uja, kenaka IP ndi benchi lake, limene ndi 30303. Kompyuta isamuke ku Mzuzu kupita ku Lilongwe, IP isintha koma dzina la kiyi likhala lomwelo, ndipo anzake aizindikira ikasaina uthenga. Pofunafuna anzake imatsatira njira yotchedwa Kademlia, imene Petar Maymounkov ndi David Mazières adafalitsa mu 2002. M'njira imeneyi kuyandikana sikuyezedwa ndi makilomita koma ndi kufanana kwa manambala a mayina. Kompyuta ya ku Mzuzu ingakhale neba wa ina ya ku Brazil, n'kukhala kutali ndi ina ya mumsewu womwewo.

Apa n'pamene ambiri amapunthwira. Kiyi amatsimikiza kuti amene walankhula lero ndi yemwe uja adalankhula dzulo. Satsimikiza kuti ndi munthu wabwino, ndipo sanena kuti ndi ndani. Mbava nayo ili ndi makiyi ake ogwira bwino ntchito.

Adiresi ya waleti si nambala ya foni

Foni ya wamalonda wa pa Nchenachena si node. Buku la Bitcoin lokha ndi loposa 500 GB, ndipo palibe bandulo kapena memori khadi ya pamsika imene ingalisenze. Pulogalamu ya waleti ya m'foni imafunsa makompyuta a anthu ena kuti ikuuzeni ndalama zimene muli nazo. Adiresi imene inu mumapatsana ndi kasitomala ndi ya mtundu wina, yolandirira ndalama, koma nayonso imachokera ku makiyi awiri aja. Ya Bitcoin imayamba ndi 1, 3 kapena bc1. Ya Ethereum imayamba ndi 0x, kenaka zilembo ndi manambala 40. Ya netiweki ya Tron, kumene USDT yambiri imadutsa, imayamba ndi T ndipo ili ndi zilembo 34.

Yerekezani ndi zimene tidazolowera. Nambala yoyamba ndi 099 kapena 088 ili ndi mwini wake wolembedwa. Chiphaso cha unzika chidabwera mu 2017, ndipo mu 2018 bungwe la MACRA lidalamula kuti masimu khadi onse alembetsedwe. N'chifukwa chake ejenti amakuwerengerani dzina musanamalize kutumiza. Ine ndidalakwitsapo nambala imodzi potumiza ndalama yogulira feteleza kumudzi. Dzina lachilendo lidaoneka ndithu, koma ndi changu ndidadina osawerenga. Ndidayenda masiku angapo, kuimba mafoni ndi kupereka umboni, mpaka ndalama idabwerera chifukwa wolandirayo adali asanaitape. Chidandipulumutsa n'chakuti padali kampani yoti ndikadandauleko, ndipo kampaniyo inkamudziwa mwini nambala.

Pa blockchain palibe kokadandaula. Ma node aja sadziwa kuti adiresi ndi ya yani, ndipo palibe imene ili ndi mphamvu yobweza zolembedwa. Waleti yabwino imakana adiresi imene mwalakwitsa chilembo chimodzi, chifukwa m'kati mwa adiresi muli manambala oyesera. Koma mukaika adiresi yolembedwa bwino ya munthu wolakwika, ndalama imapita, ndipo madzi akatayika saoleka.

Akathyali amadziwa kuti palibe amene amawerenga zilembo 40 zonse. Timangoona zinayi zoyambirira ndi zinayi zotsiriza. Choncho amapanga adiresi yofanana ndi ya kasitomala wanu kumayambiriro ndi kumapeto, n'kukutumizirani kandalama kochepa kuti adiresi yawo ioneke pamndandanda wa zimene mwachita posachedwa. Tsiku lotumiza, inu mumakopera pamndandandapo. Mu Meyi 2024 munthu wina adatumiza mwa njira imeneyi ndalama zokwana pafupifupi madola 68 miliyoni ku adiresi ya mbava. Adachita mwayi kuti nkhaniyo idamveka dziko lonse ndipo wakubayo adabweza. Wamalonda wotaya K200 000 sadzalembedwa m'nyuzi za kunja.

Palinso msampha wa manetiweki. USDT imayenda pa Tron, pa Ethereum ndi pa ena. Dzina ndi limodzi koma misewu ndi yosiyana. Wotumiza akasankha msewu wina, wolandira akudikira pa wina, ndalama ingathe kutsakamira kumene simungaifikire, ngati katundu amene wakwezedwa basi ya ku Chitipa pomwe mwini akudikira ku Nkhata Bay.

Dzina lapafupi lili ndi mtengo wake

Ena adayesa kufewetsa zinthu. Mu 2022 Kgothatso Ngako wa ku South Africa adayambitsa Machankura, njira yotumizira Bitcoin pa kafoni ka mabatani, podina manambala monga timachitira ndi *211# kapena *444#, popanda intaneti. Malawi adali m'gulu la maiko oyamba kumene njirayi idafika. Adiresi yake ndi nambala yanu ya foni yotsatana ndi @8333.mobi, ndipo 8333 ameneyu ndi benchi lija la ma node a Bitcoin. Imadutsa pa Lightning, netiweki ya malipiro ang'onoang'ono imene ma node ake amadziwana ndi makiyi monga a Ethereum, pa benchi 9735.

Adiresi yotere ndi yosavuta kuloweza. Koma dziwani chimene mwasinthanitsa. Pamene adiresi yakhala nambala ya foni kapena dzina, ndiye kuti pali kampani pakati imene ikulumikiza dzinalo ndi makiyi, ndipo nthawi zambiri makiyiwo ikusunga ndi iyo. Mwabwerera kwa mkhalapakati. Si tchimo, pakuti ngakhale ku banki timatero, koma funso limakhala lakale lija: kampaniyi ndi ya yani, ili kuti, ikatseka mudzagogoda pakhomo liti?

Anthu a ku South Africa ndi maiko ena ambiri adaliphunzira funsoli mochedwa. Kampani ya Mirror Trading International inkalonjeza phindu la mwezi ndi mwezi kwa oika Bitcoin, ndipo wobweretsa mnzake ankalandira kangachepe. Idagwa mu Disembala 2020, mkulu wake Johann Steynberg atathawira ku Brazil. Khoti la ku America lidapeza kuti idatolera Bitcoin ya madola oposa 1.7 biliyoni. Ma node sadalakwitse kalikonse. Adatumiza ndalama iliyonse ku adiresi imene eni ake adalemba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kuno kwathu zili pati?

Makina a Bitcoin alipo kale m'Malawi. M'mudzi wa Bondo, m'munsi mwa phiri la Mulanje, bungwe la MEGA limapanga magetsi ndi madzi a mtsinje wa Lichenya. Mu 2023 kampani ya ku Kenya yotchedwa Gridless idaikako makina okumba Bitcoin, amene amagula magetsi otsala pa nthawi imene anthu sakuwagwiritsa ntchito. Makinawo amathandiza nawo kulemba masamba atsopano a buku lija, ndipo ku netiweki amaoneka ngati ena onse. Palibe node imene ikudziwa kuti ntchitoyo yachokera kumudzi wolima tiyi ndi nanazi. Anthu a ku Nchenachena, kumene mitsinje imatsika mothamanga kuchokera ku Nyika, angaione nkhaniyi ndi chidwi.

Koma kukumba ndi nkhani ina, kulandira malipiro ndi inanso. Mu Meyi 2019 Banki Yaikulu ya Reserve, pa nthawi imene gavanala adali a Dalitso Kabambe, idalengeza kuti ndalama za mtundu umenewu si ndalama zovomerezeka zolipirira m'dziko muno, ndipo idachenjeza kuti wozigwiritsa ntchito akaluza alibe chitetezo. Kwa wamalonda izi zikutanthauza kuti palibe angakukakamizeni kulandira Bitcoin kapena USDT. Muli ndi ufulu wonena kuti nyemba zanga ndimagulitsa ndi kwacha. Kumbukiraninso kuti dziko lili ndi malamulo okhudza ndalama zakunja, ndipo musanayambe kulandira malipiro aakulu ochokera kunja, kafunseni kubanki kwanu.

Zoti muchite sabata ino

Ngati mwaganiza zolandira kapena kutumiza, tengerani nzeru kwa makina omwewo.

Patsanani moni kaye. Adiresi ikabwera pa WhatsApp, imbani foni pa nambala imene mumaidziwa kale, mumve mawu a munthuyo, akuwerengereni zilembo zoyambirira, zapakati ndi zotsiriza. Akaunti ya WhatsApp imabedwa, ndipo wakuba amalemba ngati m'bale wanu.

Gwirizanani msewu. Musanatumize, nonse awiri mutchule netiweki imodzi: Tron, Ethereum kapena Bitcoin. Chilembo choyamba cha adiresi chikuthandizani kuona ngati zikugwirizana.

Yambani ndi kochepa. Tumizani kandalama koyesera, mnzanu atsimikize pakamwa kuti kafika, kenaka mutumize yotsala ku adiresi yomweyo. Musakopere adiresi pamndandanda wa zimene mudachita kale.

Nyamulani sikelo yanu. Chithunzi chosonyeza kuti ndalama yatumizidwa si ndalama. Katundu asachoke mpaka muone nokha m'waleti mwanu kuti yalowa ndipo yatsimikizidwa. Pa Bitcoin, malipiro aakulu amawadikira masamba asanu ndi limodzi, pafupifupi ola lathunthu. Lamulo lomweli ligwire pa Mpamba ndi Airtel Money: onani balansi, musadalire uthenga umene wogula akukuonetsani kapena wochokera pa nambala wamba.

Funsani pakamwa pambiri. Mtengo wosinthira USDT ndi kwacha musaumve kwa munthu mmodzi, ndipo anthu atatu a m'gulu limodzi la WhatsApp awerengeni ngati mmodzi. Amene akuchitira umboni kuti adapindula angakhale nkhope zina za mwini gulu.

Bisani kiyi. Waleti yatsopano imakupatsani mawu 12 kapena 24 a Chingerezi. Mawu amenewo ndiwo kiyi wachinsinsi. Alembeni papepala, muwasunge kumene mumasunga zikalata za munda. Osawajambula, osawatumiza, osamuuza wokuthandizani kutsegula waleti. Wopempha mawuwa, kaya akuti ndi wa ku ofesi, akupempha ndalama zanu zonse. Mukawataya foni n'kuwonongeka, palibenso ofesi yokupatsani ena.

Pomaliza, musaike mpamba wonse. USDT imatsatira dola, koma Bitcoin imakwera ndi kutsika kwambiri m'sabata imodzi. Ndalama yokaodera katundu Lolemba isagone kumene simungaitape Lamlungu.

Makina amene tafotokozawa adapangidwa ndi anthu odziwa kuti sadzaonana nkhope, n'chifukwa chake amayesa chilichonse. Inu a pa Nchenachena muli ndi mwayi umene node ilibe: mungathe kufunsa kuti munthuyu ndi wa banja liti, n'kuimbira wa pa Mhuju kuti atsimikize. Adiresi ikadzafika pafoni panu, mufunse mafunso omwe aja musanadine. Safunsa adadya phula.